Chinjoka cha pa msika wa Kapata

Pa 8 Sepitembala, tsiku lokumbukira kufunika kodziwa kuwerenga, aphunzitsi ku Chipata amafunsidwa funso lomwe lija: mwana wongoyamba kumene timupatse buku lanji loti asalisiye panjira?

Pafupi ndi msika wa Kapata pali bambo wina amene amayala mabuku a salaula pasaka. Amene amabwera kwambiri pamenepo sagula n'komwe. Ndi mtsikana wa giredi 6 wa ku Mchini, amene akaweruka amafika yunifolomu ili mbuu, n'kunjuta pambali. Buku lake ndi The Hobbit, la mu 1937, lothothoka chikuto. Chala chimatsata mzere, milomo ikugwedera. Mawu ovuta amangowalumpha, poti chimene chamufulumiza n'choti chinjoka cha m'bukumo, chogona pagolide, chidzuka liti. Dzuwa likapendeka amaika kaudzu pamene walekezera, bamboyo n'kulibisa pansi pa saka kuti wina asaligule. Usiku amakasimbira azing'ono ake m'Chinyanja, iwo n'kumavomera kuti tilitonse.

Koma amayi ake analamula kuti bukulo lisalowe m'nyumba, chifukwa muli munthu wamatsenga. Makolo ambiri amatero, makamaka akamva za Harry Potter, nkhani ya sukulu yophunzitsa ufiti imene inatuluka mu 1997. Sitingawaseke. Kuno mawu akuti mfiti amathamangitsa nkhalamba pamudzi.

Aphunzitsi ena amati mantha amenewa ndi achabe, popeza nthano zathu nazo n'zodzaza ndi zozizwitsa: Kalulu amalankhula, Kamdothi anachita kuumbidwa ndi dothi mvula n'kumusungunula. Makolo amayankha kuti nthano amaikamba ndi agogo, amene amadziwa polekera, pomwe buku la Chingerezi mwana amakhala nalo yekha, mayi osadziwa zili m'katimo. Pamenepa makolo ali ndi mfundo yolemera, ndipo mankhwala ake mtsikana uja anawapeza kale. Mwana ayambe ndi timabuku tifupitifupi ta nthano za m'Chinyanja, kenaka nkhani za maulendo, ndipo chilichonse chimene wawerenga azichisimba pakhomo akuluakulu akumva.

Bambo wa pa Kapata uja akuti makolo amafuna mapepala a mayeso akale a giredi 7 basi. Mvula ikayamba mu Novembala amayala mabuku ochepa, ndipo a nthano ndiwo amatsala kunyumba.