COVID-19 mwa ana a chitetezo cha m'thupi chofooka

COVID-19 ndi matenda ogwira njira yopumira ndi mapapo, omwe amayambitsidwa ndi kachilombo ka SARS-CoV-2. Kachilomboka kanapezeka koyamba mumzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019. Ana ambiri sadwala kwambiri akatenga matendawa, koma chiopsezo chimakula chitetezo cha m'thupi chikakhala chofooka.

Ana omwe ali pachiopsezo

M'gululi muli ana omwe akulandira mankhwala a khansa, omwe anaikidwa chiwalo cha munthu wina monga impso, omwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, onyentchera chifukwa chosowa zakudya, komanso obadwa ndi vuto la chitetezo.

Zizindikiro

Zizindikiro zake ndi zofanana ndi za ana ena: kutentha thupi, chifuwa, chimfine, kutsegula m'mimba ndi kupuma movutikira. Kusiyana kwake n'kwakuti thupi limachedwa kugonjetsa kachilomboka, moti kakhoza kukhalamo milungu ingapo kapena miyezi. Mwana wotere akatentha thupi amafunika kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa akhoza kukhala ndi matenda enanso oopsa oyamba ndi mabakiteriya.

Kupewa ndi chithandizo

Katemera wa mRNA alibe kachilombo kamoyo, choncho sangamupatse mwana COVID-19. Popeza thupi lofooka silipanga chitetezo chokwanira likalandira katemera, madokotala amalangiza kubayitsa wina woonjezera. Akubanja nawonso akalandira katemera, kusamba m'manja ndi kuvala masiki akadwala, amateteza mwanayo. Amene wadwalika amapatsidwa mpweya wa oksijeni, ndipo ena amalandira mankhwala a remdesivir. Makolo asasiyitse mwana mankhwala ake a masiku onse popanda kufunsa dokotala.