Chivomezi chimangomaliza ntchito imene madzi anayamba

Alimi a m'mudzi wa Tepehan, m'chigawo cha Hatay ku Turkey, anagona usiku wa pa 5 February 2023 ali ndi munda wa mitengo ya azitona. Kutacha anapeza chigwembe chakuya pakati pa mundawo, chimene munthu sangawoloke, mitengo ina itatsetserekera pansi pamodzi ndi nthaka yake. M'bandakucha wa pa 6 February kunachita chivomezi cha mphamvu ya 7.8 pa sikelo yoyezera zivomezi, ndipo patapita maola 9 chinanso cha 7.5 chinagwedeza dera la Elbistan. Anthu oposa 50,000 anafa m'dzikolo. Akatswiri a za nthaka atawerenga malo amene nthaka inagumuka anapeza kuti ndi oposa 3,000.

Dera la Elbistan limeneli ndi chigwa cha alimi a tirigu ndi mbewu ya shuga, komanso pansi pake pali malasha ambiri. Malashawo sakumba polowa m'mauna ayi. Amachotsa dothi lonse la pamwamba n'kutsala chidzenje chachikulu, makoma ake atadulidwa ngati masitepe, magalimoto onyamula malasha n'kumatsikira m'menemo. Malashawo amapita ku nyumba zopangira magetsi za Afşin-Elbistan.

Anthu a kumeneko anali atawona kale zimene khoma la dzenje lotere limachita. Pa 6 February 2011, tsiku lomwelo la chaka chinzake, mbali imodzi ya mgodi wa Çöllolar inagumuka n'kupha wantchito mmodzi. Pa 10 February mbali ina inatsika ndi dothi lokwana pafupifupi makyubiki mita 50 miliyoni. Mukati muzinyamula pa lole yotenga makyubiki mita khumi, mungachite maulendo 5 miliyoni. Anthu khumi anakwiririka, ndipo mitembo ya 9 mwa iwo sinapezeke ngakhale patadutsa zaka. Ntchito yokumba inaima.

Chofunika kuchigwira apa n'chakuti masiku awiri amenewa kunalibe chivomezi. Akatswiri amene anafufuza analoza madzi a pansi pa nthaka ndi mizere ya dongo lofewa imene ili pakati pa malasha. Ndiye taganizani, ngati khoma linagwa popanda woligwedeza, likanatani nthaka itanjenjemera?

Mlimi aliyense amene anakumbapo chitsime kudimba akudziwa kale nkhaniyi. M'chilimwe khoma la chitsime limaima bwinobwino. Mvula ikakhazikika, dothi limamwa madzi n'kulemera, ndipo madzi amene alowa pakati pa timchenga amatikankha kuti tisagwirane. Pakakhala mtapo pansi pake ndiye zafika poipa, chifukwa mtapo ukanyowa umaterera ngati sopo, dothi lonse la pamwamba n'kukhala ngati katundu woikidwa pa thabwa lopendekeka. Chivomezi chikabwera chimakankhira dothilo cham'mbali kwa masekondi ochepa chabe, komanso chimafinya madzi a m'katimo. Khoma louma, lodulidwa mopendekeka bwino, nthawi zambiri limangong'aluka n'kukhalabe. Lonyowa ndi lochita chiriri ndi limene limapita.

Eni migodi amazidziwa zonsezi. N'chifukwa chake pa mgodi woyendetsedwa bwino mumapeza zitsime zozungulira dzenje, mapampu akutulutsa madzi usana ndi usiku, ngalande zopatutsa madzi a mvula, ndi zipangizo zoyezera ngati khoma layamba kusuntha. Koma vuto ndi ndalama. Kuti khoma likhale logona pamafunika kuchotsa dothi lambiri lopanda malasha, ndiponso kugula malo ochuluka kwa eni minda. Khoma loimirira ndi lotchipa. Pamenepa m'pamene chiyeso chimalowera, ndipo amene amalipira mtengo wake kawirikawiri si amene anasainira mapulani.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Dziko lathu lili mu chigwa chachikulu chong'ambika chimene muli nyanja ya Malawi, ndipo zivomezi si zachilendo kuno. Mu March 1989 chinagwedeza Salima. Mu December 2009 zivomezi zotsatizana ku Karonga zinapha anthu anayi ndi kugwetsa nyumba zambirimbiri, chachikulu chinali cha 6.0. Onani mwezi wake: December, mvula itayamba. Ndipo malasha athu ali konko kumpoto, ku Karonga ndi ku Rumphi. Ku Mwabulambo, m'boma la Karonga, mgodi wa malasha unasiya ntchito mu 2015 maenje ake ali pululu pafupi ndi midzi. Dzenje losiyidwa n'loopsa m'njira yakeyake, chifukwa mapampu akazima madzi amabwerera n'kumanyowetsa makoma chaka ndi chaka popanda wowayang'anira. Abale athu a ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, nawonso amalima pafupi ndi maenje aakulu a malasha.

Choncho inu amene munda wanu uli m'mphepete mwa mgodi, kwale kapena dzenje lokumba mchenga, muziyendera malire anu, makamaka mvula ikagwa masiku angapo kapena nthaka ikagwedezeka. Mng'alu woyenda motsatira mlomo wa dzenje, mtengo umene wayamba kupendekera kumunsi, kasupe wotumphuka pamene kale panali pouma, chitsime chophwa mwadzidzidzi, zonsezi ndi zizindikiro zoti dothi layamba ulendo. Khomani zikhomo ziwiri, china mbali iyi ya mng'alu china mbali inayo, mumange chingwe n'kumayeza m'mawa uliwonse. Mpata ukamakula, chotsani ziweto ndi ana, dziwitsani amfumu ndi alangizi, ndipo uthengawo ukafike kwa bwanamkubwa wa boma lanu.

Madzi a m'munda mwanu musawalozetse kudzenje. Akalozera ndi udzu wa vetiva zimathandiza kuti nthaka ya pamwamba isakokoloke, koma tinene zoona, mizu ya vetiva singagwire khoma la mgodi limene likuterera pa mtapo wa pansi kwambiri. Ntchito imeneyo ndi ya mapampu ndi mainjiniya, ndipo pamsonkhano wokambirana za malo, mudzi uli ndi ufulu wofunsa kuti ndani adzapope madziwo ndi kukwirira dzenjelo malasha akadzatha.