Imfa yadzidzidzi ya makanda ali m'tulo: zimene ofufuza apeza

Pali imfa ina imene imasiya banja ndi mafunso ambiri kuposa imfa zonse. Mwana wa miyezi itatu amayamwa bwinobwino madzulo, thupi losatentha, osatsegula m'mimba, osatsokomola. Mayi amamugoneka, koma m'bandakucha podzukira Swala amapeza kuti mwana sakupuma. Kwathu kuno zikatere, maliro asanaikidwe n'komwe anthu amayamba kulozana zala. Ena amati mayi anamugonera mwana, ena amatchula agogo kuti ndi mfiti, ena amati makolo sanasunge mwambo. Alipo mabanja amene anatha chifukwa cha mawu otere. N'chifukwa chake m'kope lino tafuna tifotokoze zimene madokotala apeza pa zaka zoposa 50 zofufuza imfa imeneyi. Tikulembera ophunzira athu, popeza ambiri a inu mumalera azing'ono anu kunyumba, komanso makolo ndi a komiti ya mzikiti, amene amakhala oyamba kufika pakhomo pakagwa zovuta.

Dzina la imfayi

Mu 1969, pa msonkhano wa madokotala ku Seattle m'dziko la America, Dr Bruce Beckwith anapereka dzina limene likugwirabe ntchito mpaka lero: Sudden Infant Death Syndrome, mwachidule SIDS. Dzinali limaperekedwa pamene mwana wosakwana chaka wamwalira mwadzidzidzi, ndipo madokotala apima thupi lake, aona malo amene anagona, afunsa mbiri ya thanzi lake, koma osapeza chimene chamupha. Akapeza malungo, chibayo kapena matenda a mtima, imeneyo si SIDS.

Ana ambiri amene amamwalira chonchi amakhala a miyezi iwiri mpaka inayi, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse amakhala asanakwane miyezi 6. Ana aamuna amachulukirako pang'ono poyerekeza ndi aakazi. Obadwa masiku asanakwane ndiponso obadwa ndi sikelo yotsika ali pachiopsezo chachikulu. Ku America, kumene imfa zadzidzidzi za makanda zimafufuzidwa, ana pafupifupi 3,400 anamwalira mwadzidzidzi mu 2020, kuphatikizapo amene anabanika ndi zofunda.

Chagada kapena chafufumimba

Kwa zaka zambiri madokotala a ku Ulaya, America ndi Australia ankalangiza amayi kuti azigoneka ana chafufumimba. Ankaganiza kuti mwana wogona chagada akasanza atsamwa ndi masanzi. Maganizowa ankamveka anzeru, ndipo analembedwa m'mabuku otchuka a kaleredwe ka ana monga la Dr Benjamin Spock, koma panalibe amene anawayesa mwa kafukufuku. Amayi atatsatira malangizowo, imfa za makanda zinakwera.

Mu 1985 dokotala wina anaona kuti ku Hong Kong, kumene amayi ankagoneka ana chagada, imfa zoterezi zinali zosowa kwambiri. Mu 1987 Guus de Jonge wa ku Netherlands anayamba kuchenjeza makolo za kugoneka mwana chafufumimba. Kenaka Peter Fleming ku Bristol, Ed Mitchell ku New Zealand, ndi Terence Dwyer ndi Anne-Louise Ponsonby ku Tasmania anayerekeza ana amene anamwalira ndi anzawo amoyo, ndipo onse anapeza chimodzimodzi: kugona chafufumimba kumachulukitsa chiopsezo kangapo.

Dziko la Britain linayamba kampeni yotchedwa Back to Sleep mu 1991, ndipo pa zaka zochepa chabe imfazi zinatsika ndi theka n'kupitirira. Ku America kampeni yofananayo inayamba mu 1994. Mu 1990 kumeneko ana 130 mwa ana 100,000 obadwa amoyo ankafa ndi SIDS. Pofika 2020 anali pafupifupi 38. Panalibe mankhwala atsopano kapena makina odula, koma kungotembenuza mwana. Ndipo mantha aja a masanzi anapezeka kuti analibe maziko: mwana akagona chagada njira ya mpweya imakhala pamwamba pa njira ya chakudya, choncho mkaka wobwerera sulowa m'mapapo mosavuta.

Mu 2005 Ruth Gilbert ndi anzake ku London anawerenganso kafukufuku wakale, ndipo anapeza kuti umboni unalipo kale kuyambira 1970. Ukanasonkhanitsidwa msanga, ana oposa 10,000 ku Britain ndi ena osachepera 50,000 m'maiko ena akanapulumuka. Ophunzira a sayansi mutolepo phunziro: mfundo ikhoza kumveka yanzeru, n'kunenedwa ndi munthu wophunzira kwambiri, koma imafunikabe kuyesedwa.

Chifukwa chiyani ana ena okha?

Ana ambiri amene agonekedwa chafufumimba amadzuka bwinobwino. Pofuna kufotokoza zimenezi, mu 1994 James Filiano ndi Hannah Kinney a ku America ananena kuti SIDS imachitika zinthu zitatu zikakumana nthawi imodzi. Choyamba, mwanayo amakhala ndi chofooka chobisika m'thupi chimene sichioneka ndi maso. Chachiwiri, amakhala pa msinkhu umene ubongo ukusintha kayendetsedwe ka kupuma, kugunda kwa mtima ndi kudzuka kutulo. Chachitatu, pamakhala chinthu chakunja chomupanikiza, monga nkhope kugwera pamtsamiro, kutenthedwa, kapena utsi wa fodya.

Chofooka chobisikacho ofufuza achisaka makamaka kunsi kwa ubongo, pamene ubongo umalumikizana ndi msana. Mbali imeneyi imagwira ntchito ngati mlonda wa usiku. Mwana akaphimbika nkhope n'kumapumanso mpweya womwe watulutsa, mpweya woipa wa carbon dioxide umachuluka m'magazi, ndipo mlondayu amamudzutsa kuti alire kapena atembenuze mutu. Mauthenga amenewa amayenda mothandizidwa ndi serotonin. Mu 2010 gulu la Kinney ku Boston Children's Hospital linapeza kuti ana amene anafa ndi SIDS anali ndi serotonin wochepa ndi 26 peresenti m'mbali imeneyi poyerekeza ndi ana amene anafa ndi zina. Kwa mwana wotere mlonda sakuwa, ndipo tulo timapitirira. Kwa ana ena ochepa vuto limakhala la mtima, lochokera ku majini amene amasokoneza kagundidwe kake.

Mu 2022 nkhani inafala pa Facebook ndi WhatsApp yoti chimene chimayambitsa SIDS chapezeka. Gwero lake linali kafukufuku wa Dr Carmel Harrington wa ku Children's Hospital at Westmead ku Sydney, mayi amene nayenso mwana wake anamwalira ndi SIDS. Iye anapeza kuti enzyme yotchedwa butyrylcholinesterase inali yotsikirako m'magazi a ana amene pambuyo pake anamwalira. Koma ana a SIDS amene anawayeza anali 26 okha, ndipo ana ena amoyo analinso ndi mlingo wotsika womwewo. Ndi poyambira pabwino, koma mpaka pano palibe kuyeza magazi kumene kungaloze mwana amene ali pachiopsezo. Popeza chofooka chobisika sitingachione ndipo msinkhu sitingausinthe, chimene chili m'manja mwathu ndi chachitatu chija.

Pamene mayi asanduka woimbidwa mlandu

Kulozana zala si kwa kumudzi kokha. Ku England, Sally Clark anataya ana awiri aamuna, ndipo mu 1999 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wowapha. Pulofesa Roy Meadow anauza khoti kuti mwayi woti ana awiri a banja ngati limenelo afe ndi SIDS ndi 1 pa 73 miliyoni. Anachulukitsa 8,543 ndi 8,543, ngati kuti imfa ziwirizo n'zosagwirizana. Ophunzira a masamu mukudziwa kuti kuchulukitsa kotere kumaloledwa pokhapokha zochitika ziwiri zili zosadalirana, pamene ana a bere limodzi amagawana majini, nyumba ndi kaleredwe. Mayiyu anamasulidwa mu 2003 zitadziwika kuti zotsatira za ku labotale zoonetsa kuti mwana wachiwiri anali ndi tizilombo toyambitsa matenda sizinaperekedwe kukhoti. Anamwalira mu 2007.

Ku Australia, Kathleen Folbigg anakhala m'ndende zaka 20 pa imfa za ana ake anayi. Anatulutsidwa mu 2023 asayansi ataonetsa kuti ana ake aakazi awiri anali ndi vuto pa jini yotchedwa CALM2, imene imakhudza kugunda kwa mtima. Ngati makhoti okhala ndi akatswiri analakwitsa chonchi, kuli bwanji ife ongomva mphekesera pamaliro?

Nanga kwathu kuno?

M'maiko athu ana ambiri amene amamwalirira kunyumba amaikidwa osapimidwa, ndipo kwa ife Asilamu janaza sichedwa. Pozindikira zimenezi, ofufuza akonza njira yotenga tizidutswa ting'onoting'ono ta mapapo, chiwindi ndi ubongo pogwiritsa ntchito singano, osang'amba thupi, ndipo thupi limabwezedwa kwa abale msanga. Ntchito ya CHAMPS ikugwiritsa njirayi m'maiko monga Mozambique, Mali ndi Bangladesh. Ndi nkhani yoyenera kuti a komiti ndi masheikh athu aidziwe, kuti banja likafunsidwa lipeze womufunsa nzeru.

Kafukufuku wa ku Bradford ku England akutikhudzanso. Kumeneko mabanja ochokera ku Pakistan amagona bedi limodzi ndi makanda kawirikawiri kuposa azungu, komabe SIDS imawagwera mochepa. Ofufuza anapeza kuti amayi ake sasuta fodya kapena kumwa mowa kawirikawiri, amayamwitsa, sagoneka khanda m'chipinda chayekha, ndipo sagona nalo pasofa.

Zoyenera kuchita

Mwana wosakwana chaka agonekedwe chagada nthawi zonse, usiku ndi masana omwe. Chammbali si chabwino chifukwa amagubuduka mosavuta. Chafufumimba azikhala pokhapokha ali maso ndipo wina akumuyang'anira.

Pogona pakhale pathyathyathya ndi polimba. Mphasa yoyalidwa nsalu imaposa matiresi ofewa olowa m'kati. Mitsamiro, zidole ndi milu ya zovala zichotsedwe, ndipo neti ikhale yokungika bwino kuti isamugwere kumaso.

Ngati mayi akugona ndi mwana, bulangete la akuluakulu lisamufike kumutu, ana anzake asagone moyandikana naye, ndipo asakhale pafupi ndi munthu wosuta, woledzera kapena amene wamwa mankhwala ogonetsa. Kugona naye pasofa kapena pampando n'koopsa kwambiri. Mwana wobadwa masiku asanakwane asamalidwe motsatira zimene anamwino anena za kangaroo.

M'miyezi yozizira ya June ndi July tisamuunjikire mashawelo. Mukhudzeni pachifuwa kapena kukhosi: ngati akutuluka thukuta, chepetsani zofunda. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wake umapha mwakachetechete.

Fodya asasutidwe m'nyumba. Kafukufuku wa 2019 ku America anaonetsa kuti mayi woyembekezera akamasuta, ngakhale ndudu imodzi patsiku, chiopsezo chimawirikiza kawiri. Kuyamwitsa, kumene chipembedzo chathu chimalimbikitsa kale, kumateteza: kafukufuku wa 2017 anapeza kuti kuyamwitsa miyezi iwiri kapena kuposerapo kumachepetsa chiopsezo pafupifupi ndi theka.

Katemera sayambitsa SIDS. Anthu amamukayikira chifukwa amaperekedwa pa masabata 6, 10 ndi 14, msinkhu womwe imfazi zimachuluka, koma kafukufuku waonetsa kuti ana obayidwa katemera samwalira chonchi kuposa anzawo. Ndipo mwana akatentha thupi, akamapuma mofulumira kapena akakana bere, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ophunzira, mukasiyiridwa mwana, onani mmene wagonera musanatsegule buku kapena foni, ndipo kafotokozereni agogo ndi azakhali mwaulemu zimene mwawerengazi. Makolo ndi a komiti, pakhomo pakagwa imfa yotere, tikumbutse anthu kuti ngakhale mwana wosamalidwa bwino kwambiri akhoza kumwalira chonchi, tiletse mawu oloza mayi kapena agogo, ndipo tilimbikitse banjalo kukaonana ndi achipatala asanabereke mwana wina.