Kodi Mtima Wozunza Anzathu Umachokera Kuti?

Aliyense woweta nkhuku kuno ku Biriwiri anazionapo izi. Tikamwaza gaga pabwalo, nkhuku sizidya mofanana. Pali thadzi limene limajompha zinzake zonse, lina limajompha zonse kupatula loyambalo, mpaka kufika pa kamsoti kothothoka nthenga m'khosi kamene kamangotola zotsala. M'chaka cha 1922 katswiri wina wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, anafotokoza kuti kujomphanaku kuli ndi dongosolo lake: nkhuku iliyonse imadziwa yoiopa ndi yoijompha.

Tayambira kukhola chifukwa mwana akabwera akulira kuti anzake amlanda kamba wake kusukulu, ambiri a ife timangoti, "Ndi chibadwa cha ana." Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, koma sakwanira.

Zimene tinabadwa nazo

Akatswiri a zamoyo amati zolengedwa zakhala zikusinthika pang'onopang'ono m'mibadwo yambirimbiri. Pakati pa nyama zokhala m'magulu, imene inali pamwamba inkadya bwino ndi kubereka ana ambiri, choncho mtima wofuna kuposa anzako unkapitirira kwa ana ake. Ambiri mwa akatswiriwa amaganiza kuti nafenso tili ndi kachigawo ka mtima umenewu. Mkhristu asadodome nazo: mu 1996 Papa Yohane Paulo II anavomereza kuti maphunziro amenewa ali ndi maziko, koma anakumbutsa kuti mzimu wa munthu umalengedwa ndi Mulungu mwini. Nkhuku siingasankhe. Munthu angathe.

Ngakhale nyama zomwezo sizinamangike monga timaganizira. Robert Sapolsky wa ku America anakhala zaka zambiri akutsata anyani ku Kenya. Anaona kuti nyani akagonja pa ndewu amakaphwetsera mkwiyo pa wina wochepa mphamvu amene sanamlakwire. M'zaka za m'ma 1980 amphongo olusa a gulu lina ankakadya kudzala la hotela ya alendo, ndipo anafa ndi chifuwa chachikulu chochokera ku nyama yodwala. Gulu lotsalalo linakhala lofatsa. Chodabwitsa n'chakuti patapita zaka, amphongo achilendo olowa m'gululo ankatengera kufatsako. Ngati anyani angasinthe mwambo wa mudzi wawo, nanga ife obatizidwa tidzanamizira chiyani?

Zimene timaphunzira

Amene tinawetako ng'ombe tikukumbukira malamulo a kubusa. Wamkulu amakhala pamthunzi, wamng'ono ndiye wothamangira kukabweza ng'ombe zikalowera kumunda. Akakana, mkwapulo. Wamng'onoyo amapirira podziwa kuti tsiku lina nayenso adzakhala pamthunzi. Zomwezi zamveka kwa zaka zambiri m'sukulu za sekondale zogonera komweko, kumene ana a Fomu 1 amachapitsidwa zovala za akuluakulu ndi kulandidwa ndalama. Chaka chikatha, wozunzidwa uja amayamba kudikira alendo ake. Apa si magazi ayi, ndi ngongole imene timabweza kwa munthu amene sanatikongoze.

Kale tinkakhulupirira kuti mwana wozunza anzake ndi wamantha mumtima ndiponso wodziona wachabe. Dan Olweus, amene anafufuza nkhaniyi m'sukulu za ku Sweden ndi Norway kuyambira m'ma 1970, anapeza kuti kawirikawiri sizili choncho. Ambiri ndi odzidalira, okonda kulamula, ndipo amasankha bwino womuzunza: wosowa mnzake womuikira kumbuyo. Kwathu kuno ndi mwana wamasiye, wolumala, wachibwibwi, kapena mlendo. Pamene abale athu a ku Mozambique anathawira kuno nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, kodi ana awo sanasekedwe kalankhulidwe pamaso pathu? Olweus anapezanso kuti ana ambiri otere amachokera m'nyumba zosowa chikondi, mmene nkhani iliyonse imathera ku chikwapu. Mwana amene amaona bambo ake akumenya mayi ake waphunzira kale phunziro limene aphunzitsi adzavutika kulifafaniza.

Anthu oonerera

Apa ndipo pagona nkhani. Mu 1996 Christina Salmivalli wa ku Finland anaonetsa kuti kuzunza ndi ntchito ya gulu. Pali wozunza, pali omuthandiza, pali oseka, ndipo pali ongoyang'ana kumbali. Malipiro a wozunza ndi kuseka kwa anzake. Yosefe anaponyedwa m'chitsime ndi abale ake ambiri, ndipo Rubeni, amene sanagwirizane nazo, anafuna kumupulumutsa mobisa m'malo mokana poyera. Pobwerera anapeza chitsime chilibe munthu.

Akuluakulufe tisaloze ana okha. M'nthawi ya chipani chimodzi, anyamata a zaka zochepa ankaimitsa nkhalamba pakhomo la msika kufuna khadi, khamu lonse lili chete. Mantha amenewo anayamba kusweka pamene maepiskopi athu analankhula poyera m'kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992. Lero Gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limati ulemu wa munthu aliyense usaphwanyidwe, ndipo mwana wa Sitandade 2 ndi munthu.

Choncho mwana akadandaula, tisamuuze kuti akabwezere. Timufunse kuti zachitika kangati ndiponso panali ndani, kenaka tipite naye kwa aphunzitsi aakulu kapena ku komiti ya sukulu. Ngati wozunzayo ndi mwana wathu, kummenya n'kumuphunzitsanso zomwezo. Abweze chimene analanda ndipo apepese pamaso pa amene ankaseka aja. Pa msonkhano wa mphakati ukubwerawu tifunsane: m'mudzi mwathu ndi mwana uti amene amayenda yekha popita kusukulu, ndipo ndi ana a yani amene angayambe kuyenda naye Lolemba?