ETF: Kugula Mzere M'munda wa Kasakaniza

Mlimi wodziwa sabzala chimanga chokha. Pamzere womwewo amaponyapo nyemba, apa ndi apo maungu, m'mbali nandolo. Ntchemberezandonda zikagwera chimanga, m'nyumba simusowa chophika. ETF imayendera nzeru yomweyi. Ndi thumba limene lagula masheya a makampani ambiri n'kuligawa m'timagawo togulitsidwa pamsika wa masheya. Mukagula kagawo kamodzi ndiye kuti mwagula mzere umodzi m'munda waukuluwo, ndipo pamzere wanu pali kachidutswa ka mbewu iliyonse imene ili m'mundamo.

Oyang'anira munda woterewu nthawi zambiri sasankha okha mbewu zobzala. Amangotsata mndandanda wokhazikika umene amautcha index. Ku America, SPDR S&P 500, imene kampani ya State Street inayambitsa mu January 1993, imatsata makampani akuluakulu pafupifupi 500. Ku Johannesburg, Satrix 40 inalowa pamsika wa JSE m'chaka cha 2000 ndipo imatsata makampani 40 akuluakulu a pamsikawo. Popeza palibe katswiri wolipidwa kuti azilosera kampani imene ichite bwino mawa, ndalama zoyendetsera thumba zimachepa kwambiri.

Ubwino wa kasakaniza unaoneka mu December 2017, pamene chinyengo cha m'mabuku a kampani ya Steinhoff chinaululika. M'masiku ochepa okha mtengo wa masheya ake unagwa ndi maperesenti opitirira 80. Amene anaika zonse ku Steinhoff anagwira njakata. Amene anali ndi Satrix 40 anamva kulumako, chifukwa Steinhoff inali m'gulu la makampani 40 aja, koma mbewu zina zinali zitaima chilili.

Otsatsa malonda sakonda kunena za ng'amba. Mvula ikadula, nyemba, maungu ndi chimanga zimafota pamodzi. M'chaka cha 2008, S&P 500 inagwa ndi maperesenti opitirira 35, ndipo kumayambiriro kwa 2020, mliri wa Covid-19 utabuka, inataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu m'milungu isanu. Maulendo onse awiri msika unadzuka, koma ambiri anali atagulitsa kale mizere yawo pamtengo wolira chifukwa cha mantha. N'chifukwa chake ndalama ya fizi ya teremu ikubwerayi, kapena ya lendi, sindingaiike mu ETF. Muno mumalowa ndalama imene mungaiwale kwa zaka zisanu kapena khumi osagona ndi njala.

Kuyamba kwake si kovuta. Mumatsegula akaunti kwa broka wovomerezeka ndi boma la dziko limene mukukhala, mumapereka chiphaso ndi umboni wa kumene mumakhala, kenako mumagula pafoni monga mugulira sheya iliyonse msika ukatsegulidwa. Anzathu ogwira ntchito ku South Africa amene ali ndi mapepala oyenera angathe kugulira mu akaunti yosadulidwa msonkho imene inayamba mu 2015. A ku Britain ali ndi akaunti yofanana nayo yotchedwa ISA.

Musanagule, werengani pepala lofotokoza za thumbalo. Yang'anani zimene zili m'mundamo, chifukwa matumba ena amangotchedwa a kasakaniza pamene mbewu imodzi yadzaza mizere. Panali nthawi imene kampani ya Naspers yokha inkatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mndandanda wa Top 40, umene Satrix 40 imatsata. Palinso ma ETF a golide yekha, ndi ena amene amabwereka ndalama kuti phindu ndi kutayika zichuluke kawiri. Amenewo woyamba kumene awalambalale.

Kenako yang'anani cholipira cha pachaka. Pa R10,000, thumba lodula 0.1 peresenti limatenga R10, pamene lodula maperesenti awiri limatenga R200, chaka chabwino ndi choipa chomwe. Kwa zaka 20 kusiyana kumeneku kumadya chigawo chachikulu cha zokolola. Broka nayenso nthawi zambiri amadula yake mukagula kapena kugulitsa, choncho ngati mumaika ndalama zochepa mwezi ndi mwezi, funsani kaye kuti amadula zingati pa malonda amodzi.