Ndege Yakale Siuluka Popanda Mabuku Ache

Munthu woyenda mu msika wa Ndirande, kumene amisiri amagulitsa zitsulo za magalimoto akale, angaganize kuti palibe makina amene manja a Amalawi angalephere kuwadzutsa. Galimoto imene inagona pa miyala zaka zisanu, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala, imatuluka m'manja mwa amakaniko a kumeneko kapena a ku Zingwangwa iri kuyenda yokha, ndipo m'mawa mwache imaonekanso pa mseu wa ku Machinjiri itanyamula anthu. Mwini wache akakhala ndi blue book, galimotoyo nipambana poyesedwa, nkhani yatha. Palibe amafunsa kuti injini yache yayenda maora angati chiipangire.

Koma pa bwalo la ndege la Chileka, ulendo waufupi kuchokera m'makomboni amenewa, lamulo liri lina. Kumeneko luso la manja silikwanira palokha ai. Ndege ingakonzedwe bwino, ingapakidwe utoto wonyezimira, injini yache ingalire mokoma, koma ngati mabuku a mbiri yache anatayika, siiloledwa kunyamuka kufikira mbiriyo italembedwanso ndi kubvomerezedwa ndi Boma.

NDEGE ZA BEAVER

Achikulire ambiri, makamaka a chigawo cha Kumpoto, akukumbukira kandege ka injini imodzi kotchedwa Beaver. Kampani ya de Havilland ya ku Canada inaulutsa Beaver yoyamba m'chaka cha 1947, ndipo pofika 1967 inali itapanga ndege 1,657 za mtundu umenewu. Kampani ya Central African Airways inazibweretsa kuno m'zaka za m'ma 1950 chifukwa Beaver imatha kutera ndi kunyamuka pa bwalo lalifupi la udzu. Zinali kunyamula makalata ndi anthu a paulendo kupita ku Mzuzu, ku Karonga ndi ku Fort Hill, kumene lero ndi ku Chitipa, pa nthawi imene miseu ya kumeneko inali yobvuta kwambiri m'dzinja. Air Malawi itakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 inayamba nchito yache ndi ndege za DC-3 ndi za Beaver.

Kuno ndege zimenezi zinaleka kuoneka kalekale, komatu ku Canada ndi ku Alaska mazana a Beaver akuulukabe. Kampani ya Kenmore Air, pafupi ndi mzinda wa Seattle ku America, inatchuka chifukwa chomasula ndege zakalezi ndi kuzimanganso. M'mwezi wa December 1919 panalibe Beaver ndi imodzi yomwe pa dziko lapansi. M'mwezi wa December 2019 kampani ya Harbour Air ya ku Vancouver inaulutsa Beaver yopangidwa m'zaka za m'ma 1950 itaikidwa injini yoyendera magetsi. Ndege ya zaka zoposa 60 inakhulupirika pa nchito yotere chifukwa moyo wache wonse unali wolembedwa.

MABUKU ATATU

Ndege yaing'ono imakhala ndi mabuku atatu a mbiri, amene amisiri amawatcha logbook: la thupi la ndege, la injini, ndi la pulopela, chopukusa mphepo chija cha kutsogolo. M'menemo mumalembedwa maora onse amene ndege yauluka, chitsulo chiri chonse chimene chasinthidwa, ngozi iri yonse ndi m'mene inakonzedwera. Pansi pa mau onsewo pamakhala tsiku, dzina ndi nambala ya chiphaso cha mmisiri amene anagwira nchitoyo.

Chifukwa chache nchakuti chitsulo chimatopa. Mwana aliyense wopanga galimoto ya mawaya ku Bangwe akudziwa kuti waya akapindidwa ndi kuongoledwa kawirikawiri amathyoka, ngakhale kuti asanathyoke amaoneka wabwino. Mapiko a ndege amapindika pang'ono pa ulendo uli wonse. Chotero opanga ndege amaika malire a maora pa zitsulo zina, monga zochirikiza mapiko, ndipo malirewo akakwana chitsulocho chimachotsedwa ngakhale chikuwala. Diso la mmisiri, ngakhale waluso chotani, silingawerenge maora pa chitsulo. Buku lokha ndilo lingamuuze.

Ndiponso akuluakulu oyang'anira za ndege akapeza chilema pa mtundu wina wa ndege, amalamula eni ache onse pa dziko lapansi kuti akonze malo amenewo. Pa ndege ya zaka zambiri malamulo otere amakhala ochuluka, ndipo umboni wakuti anatsatidwa uli m'mabuku omwewo.

MABUKU AKATAYIKA

Munthu amene wapeza ndege yakale m'shedi, chiswe chitadya mabuku ache, nchito yache imayambira pa tebulo, sipanala iri pambali. Choyamba amafuna kachitsulo kokhomedwa pa thupi la ndege, pamene wopanga anadinda mtundu ndi nambala yache. Kachitsulo kameneka ndiko dzina la ndege. Kakasowa, nkobvuta kwambiri kutsimikiza kuti ndegeyo ndi iti.

Ndi nambalayo amapita ku kaundula wa Boma. Ndege zolembedwa m'Malawi zimadziwika ndi chizindikiro choyamba ndi 7Q, ndipo za masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zinali ndi VP-Y. Ndege imene inayenda m'manja ambiri imafunika kuilondola m'kaundula wa maiko angapo, kuti zidziwike kuti eni ache anali ndani ndiponso kuti wogulitsayo anali nayo mphamvu yogulitsa. Pambuyo pache amalembera makalata eni akale, oyendetsa ndege amene amasunga mabuku ao a maora, ndi nyumba zokonzera ndege zimene zingakhale ndi malisiti kapena makadi a nchito. Kwa Beaver, zojambula ndi umwini wa mtundu wache zinagulidwa ndi kampani ya Viking Air ya ku Canada m'chaka cha 2006, kotero kuti malangizo a wopanga akupezekabe. Kuona maso a nkhono nkudekha: makalata amenewa angatenge miyezi yambiri.

Ku America, bungwe la Boma loyang'anira za ndege limalola mwini ndege kutsegula buku latsopano ndi chikalata cholumbira, chofotokoza m'mene mabuku anatayikira ndi maora amene kufufuza kwache kwasonyeza. Koma chikalatacho sichichotsa bvuto lonse. Chitsulo cha malire chimene maora ache sakudziwika chimatayidwa, nkugula china. Lamulo liri lonse limene umboni wache wasowa limayesedwa ngati silinatsatidwe, ndipo nchitoyo imaonedwanso kapena kubwerezedwa. Injini kawirikawiri imamasulidwa yonse ndi kupimidwa kachitsulo ndi kachitsulo. Potsiriza woyang'anira wa Boma ndiye amaona ndegeyo pamodzi ndi mapepala ache asanapereke chiphaso chakuti ndi yoyenera kuuluka. Ndicho chifukwa chache ndege yopanda mabuku imatsika mtengo kwambiri, ndipo nthawi zina ndalama zobwezera mbiri yache zimaposa mtengo wa ndege yeniyeniyo.

PHUNZIRO LA PA CHILEKA

Anthu a ku Blantyre anaona ndi maso m'mene ndege imafera ikaima. M'chaka cha 1974 Air Malawi inagula ndege yaikulu ya Vickers VC10, imene inali kunyamula anthu kupita ku London kufikira 1979. Itaima chifukwa cha kukwera mtengo koiyendetsa, inakhala ku England kuyembekeza wogula, koma sanapezeke, ndipo mu 1981 inabwerera ku Chileka. Inakhala pamenepo pa dzuwa ndi pa mvula kufikira inaphwanyidwa pakati pa zaka za m'ma 1990. Imeneyi sinafe chifukwa cha kutayika kwa mabuku, koma nkhani yache ikusonyeza mbali yina ya lamulo lomweli: chaka chiri chonse chimene ndege yaima, mmisiri osasaina m'buku lache, chimaonjeza nchito yoti idzachitike isanaulukenso, mpaka tsiku limene palibe angalipire.

Dziko lino likudziwa mtengo wa pepala lotayika. Moto umene unatentha maofesi a Boma ku Zomba m'chaka cha 1919 unaononga zolemba zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa Atsamunda, ndipo olemba mbiri akubvutika nazo mpaka lero. Kalaliki wosunga mafailo ndi mphunzitsi wodzaza kaundula wa kalasi madzulo ena amaona ngati nchito yao ndi yachabe, pakuti palibe amaiyamika. Koma mmisiri wa pa Chileka amene m'zaka za m'ma 1950 analemba maora a Beaver ndi kusaina pansi pache anali kugwira nchito yomweyo, ndipo munthu aliyense wofuna kudzutsa ndege yotere lero amayamba ndi kufunafuna tsamba limene mmisiriyo analemba.