Cipsera ca M'matumbo

Kwanu ku Kwekwe, ku Mbizo ndi ku Amaveni, akali kukhala adzukulu a anthu athu amene anacoka ku Nyasaland kudzagwira nchito ku mgodi wa golide wa Globe and Phoenix. Nkhani yathu lero ndi ya cironda ca m'matumbo, ndi cifukwa cace cina cipola bwino pamene cina cisiya cipsera cotseka njira ya cakudya.

Ca kumapeto kwa matumbo ang'ono kuli timagulu ta asilikari a thupi, tokhala ngati alonda a pa cipata. Amene anatifotokoza momveka bwino anali Peyer wa ku Switzerland, m'caka ca 1677. Kacirombo kakaboola khungu la m'kati mwa thumbo, alonda aja akameza, ndipo atumiza mithenga kwa anzao. Mithengayo si mau ai, koma timadzi timene adotolo acha masaitokaini. Wina wochedwa TNF ndiye mfuu ya nkhondo: mitsempha ya mwazi itakasuka, asilikari ena athamangira pamalopo, thumbo litupa, ndipo munthu amva malungo ndi kupweteka. Nkhondo ikamatha pamveka mthenga wina, TGF-beta, woitana amisiri oluka ulusi wolimba wochedwa kolajeni kuti asoke pong'ambika. Ulusi umenewo ndiwo cipsera.

Tsono taonani nthenda ziwiri zogwira malo amodzimodziwo. Yoyamba ndi taifodi, yobwera ndi madzi kapena cakudya coipitsidwa ndi zonyansa za munthu, monga inabuka kwa anansi anu a ku Gweru m'caka ca 2018. Nkhondo yace ndi yaukali koma yaifupi. Zironda zace zigona motsata utali wa thumbo, ndipo coopsa cace ndi cakuti, makamaka pa sabata lacitatu, thumbo likhoza kubooka. Koma wodwala akacira, kawirikawiri zirondazo zipola osacepetsa njira.

Yaciwiri ndiyo ikhudza kwambiri anthu a ku migodi. Pfumbi la miyala ya golide lifooketsa mapapo, ndipo munthu wotero agwidwa msanga ndi cifuwa cacikuru. Izi zinali zoona kwa agogo a m'komboni, ndipo ziri zoona lero kwa makorokoza amene akumba m'maenje opanda mpweya wokwanira. Ambiri ayesa kuti nthendayi ndi ya m'cifuwa mokha. Iai. Wodwala akameza makhololo, tizirombo timene Koch anatipeza m'caka ca 1882 titsikira m'mimba, ndi kukafika kwa alonda aja. Mkaka wosawiritsa wa ng'ombe yodwala ungathenso kutifikitsa komweko. Kacirombo aka ndi kouma mutu: mlonda akakameza sikafa, kangokhala m'kati mwace miyezi ndi miyezi. Motero mfuu ya nkhondo siileka, ndiponso mthenga woitana oluka suleka, ndipo ulusi uunjikana pa ulusi unzace. Cina coipitsitsa ndi cakuti zironda za nthendayi zizungulira thumbo ngati mphete. Cipsera ciri conse cikamakhwima cikokana, monga mudziwa nonse amene munaonapo dzanja lopsa ndi moto. Mphete ikakokana, njira icepa. Munthu akadya nsima m'mimba mupota ndi kulira, mimba itupa, asanza, naonda ngakhale cakudya ciripo. Pa mudzi ena ayamba kunong'ona za kudyetsedwa mankhwala oipa, pamene mwini mlandu ndi ulusi wa thupi lace lomwe.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji adotolo sangotseka pakamwa mithenga imeneyi? Mankhwala oletsa TNF alipo, ndipo athandiza pa nthenda zina za matumbo. Koma kunaoneka kuti ena owalandira, amene anali ndi tizirombo ta cifuwa cacikuru togona m'thupi, nthendayo inawadzukira. Mthengayo ndiye agwira kacirombo m'ndende.

Mankhwala a cifuwa cacikuru, akumwa miyezi 6, apha tizirombo ta m'matumbo monga momwe aphera ta m'mapapo. Koma samasula ulusi wolukidwa kale. Wofika ku cipatala thumbo likali lotupa cabe kawirikawiri acira ndi mankhwala okha. Wofika mphete itauma kale nthawi zina afunika opareshoni, kuti adotolo akuze pocepapo, kapena adule cigawoco ndi kulumikiza thumbo.